Mawotchi a alamu anatsutsana pa phiri la Mulanje

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ali ndi kashopu mu Limbe momwe amagulitsa mafoni, machaja ndi timawaya ta mtundu ulionse. Zaka zingapo zapitazi anaonjezerapo katundu wina yemwe akuyenda malonda kwabasi: timawotchi tamakono tija tomwe ati timawerenga kugunda kwa mtima, mapazi omwe munthu waponda pa tsiku, ndiponso mphamvu zomwe thupi latha pogwira ntchito. Inu oyenda m'tauni mwationa timeneti. Ana a m'makoleji akuvala, amayi a geni akuvala, ngakhale abusa ena akakweza dzanja pa guwa mungoona kagalasi kakuda kakung'anima pamkono.

Sindikudana nato ayi. Koma pali nambala imodzi yomwe timawotchi timeneti timaonetsa, ija amati makalori, yomwe ikunamiza anthu, ndipo alamu angawo inatsala pang'ono kuwapweteka.

Kumayambiriro kwa 2024 alamuwo anayamba kumva ludzu losatha ndiponso kudzuka kangapo usiku kukataya madzi. Atapita kuchipatala anawapeza ndi shuga wokwera. Anali ndi zaka 48, ndipo sikelo inanena makilogalamu 94. Anamwino sanazungulire: chepetsani thupi, muziyenda, shuga ndi zamafuta muchepetse. Musaganize kuti alamu anga ali okha pa vutoli. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe.

Alamu anamvera, komatu anamvera theka. Anatenga wotchi imodzi pa katundu wawo nkuyamba kuyenda wapansi m'mawa ulionse kuchoka ku Bangwe kukafika ku shopu, mtunda wa makilomita ngati asanu. Akafika, wotchi ija inkawauza kuti aotcha makalori 600 ndi kusefukira. Ikakwana 12 koloko ankalunjika pa chiwaya, tchipisi mbale yodzaza, kanyenya pambali, botolo la chakumwa chozizira pamwamba pake. Mukawafunsa, yankho linali lokonzeratu:

"Alamu, ine ndaotcha 600 m'mawawu. Apa ndikungobwezera zomwe zatuluka. Onani nokha pa wotchipa."

Patatha miyezi isanu ndi umodzi sikelo inati 95. Achemwali anandiimbira foni mawu ali njenjenje, kuti mwina ine angandimvere poti iwo akalankhula amaoneka ngati akuwamana chakudya amuna awo. Kutsutsana ndi wamalonda pa katundu wake ndi kutaya nthawi, choncho ndinaganiza zowatengera kwathu ku Mulanje kuti phiri likatiweruze.

Tinanyamuka mu Ogasiti chaka chomwecho. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti avale mawotchi awiri a mitundu yosiyana ochokera m'shopu mwawo momwemo, ina kumanja, ina kumanzere, ndipo onse awiri awauze zoona: zaka, msinkhu ndi kulemera kwawo. Anaseka, koma anavomera.

Pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango, tinapeza mnyamata wotinyamulira katundu, mmodzi mwa aja kwathu timangoti mapota. Anali wochepa thupi, wa zaka ngati 25, ndipo ananena yekha kuti amalemera makilogalamu 58. Chikwama chomwe tinamusenzetsa chinali cha makilogalamu pafupifupi 20, poti alamu sayenda opanda ndiwo. Anyamata amenewa si oseweretsa. Ndi iwo anayambitsa mbiri ya mpikisano wa Porters Race, womwe unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati wa mapota okhaokha koma pano amathamanga nawo anthu ochokera kutali. Amanyamuka pa Likhubula pomwepo, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya nkutsikiranso pa Likhubula, mtunda woposa makilomita 20 wa miyala ndi zitunda, ndipo akatswiri amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Ife cholinga chathu chinali chochepa, kukagona ku Chambe basi. Za Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, sitinaziyerekeze nkomwe.

Tinakwera maola anayi ndi theka. Alamu anapuma kosawerengeka, thukuta lili kamukamu, nkumafunsa mnyamata uja kuti kwatsala patali bwanji, iye nkumayankha mwaulemu kuti "Tafika kale bwana, ndi apa pokha." Inu a ku Mulanje mukudziwa kuti "apa pokha" ya m'phiri ndi ola lathunthu.

Titafika, tinakhala pansi nkuyang'ana mawotchi aja. Pa kugunda kwa mtima ankagwirizana ndithu, kusiyana kwake kunali kwa kawiri kapena katatu pa mphindi. Koma pa makalori, ya kumanja inati 2,140 pomwe ya kumanzere inati 1,310. Munthu mmodzi, mtima umodzi, phiri limodzi.

"Nanga yabodza ndi iti pamenepa, alamu?" ndinafunsa.

Anayang'ana uku, kuyang'ana uku. "Ya kumanzereyi ndi yotchipa," anatero.

Komatu mtengo wake unali wofanana, ndipo anaika mitengoyo ndi iwo omwe.

Kuti timvetse pomwe pagona bodza, tiyambe tadziwa kuti kalori ndi chiyani. Ndi muyeso wa mphamvu, monga momwe lita ilili muyeso wa madzi. Kalori imodzi ya pa chakudya ndi kutentha kokwanira kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Thupi limapeza mphamvu pootcha chakudya ndi mpweya wa okosijeni, monga makala pa mbaula sayaka popanda mphepo. Akatswiri anapeza kalekale kuti lita imodzi ya okosijeni yomwe thupi lagwiritsa ntchito imapereka makalori pafupifupi 5. Ndiye amene akufuna kuyeza zenizeni amamuveka munthu chophimba pakamwa ndi pamphuno, cholumikizidwa ku makina oyeza mpweya wolowa ndi wotuluka. Imeneyo ndiyo sikelo yeniyeni.

Wotchi ilibe chophimba chimenecho, ndipo mpweya wanu siiuona. Mukaitembenuza mupeza timagetsi tobiriwira kunsi kwake. Timeneti timawalira pakhungu, magazi nkumeza kuwala kwina, ndipo poti magazi amachuluka ndi kuchepa m'mitsempha mtima ukamagunda, wotchi imawerenga kusinthasinthako. Mpaka pamenepo ikuyeza chinthu chenicheni. Zotsatira zake ndi masamu ongoyerekeza: imatenga kugunda kuja, zaka zanu, kulemera kwanu, kaya ndinu mwamuna kapena mkazi, ndi kugwedezeka kwa mkono, nkuponya m'chiwerengero chomwe kampani inabisa m'kati. Kampani iliyonse ili ndi chake, nchifukwa chake mikono iwiri ya alamu inakangana.

Tiyerekeze chonchi. Mwakhala pa mjigo ndipo mukuwerenga maulendo a anthu awiri otunga madzi. Wina wabwera maulendo 30, wina 15. Kodi watunga madzi ambiri ndani? Simungadziwe musanaone chotungira. Wa maulendo 30 uja mwina ali ndi kachigubu ka malita asanu, pomwe mnzakeyo ali ndi ndowa ya malita 20. Mtima nawo ndi choncho. Wa munthu wozolowera ntchito yolemetsa umaponya magazi ambiri pa kugunda kumodzi, choncho suthamanga. Wa munthu wokhala pa kauntala tsiku lonse umaponya pang'onopang'ono, nkumathamanga kuti ukwanitse. Wotchi imawerenga maulendo, ndowa siiona.

Izi tinaziona ndi maso m'mawa mwake. Tinamuveka mnyamata uja wotchi imodzi, alamu nkutsala ndi inayo, ndipo tinakwera chitunda china kwa ola limodzi, iye atasenza chikwama chija. Mtima wa alamu unkafika 165 pa mphindi. Wa mnyamatayo unkangosewera pa 115, uku akutifotokozera za mitengo ya mkungudza yomwe inatha ndi macheka. Pomaliza wotchi inati mnyamatayo watha mphamvu zosafika theka la za alamu. Tinasinthanitsa mawotchiwo pa chitunda chotsatira, nkhani inali yomweyo.

Tiwerengere limodzi, inu ana a sukulu amene munaphunzira Physical Science. Kukweza chinthu m'mwamba kumafuna mphamvu molingana ndi kulemera kwake. Alamu ankakweza makilogalamu 94. Mnyamata uja ankakweza 58 a thupi lake ndi 20 a chikwama, onse pamodzi 78. Kusiyana kwa 78 ndi 94 ndi kochepa, sikungafike theka ngakhale mutakokera bwanji. Ndivomereze kuti wotchiyo inali ndi zaka ndi kulemera kwa alamu, osati kwa mnyamatayo. Koma tikanaiuza kuti mwini wake tsopano ndi wa makilogalamu 58, bwenzi itatsitsa nambala ija kuposa pamenepo, chifukwa chikwama chili kumsana siichidziwa.

Masamu omwewo akhoza kutiuza za ulendo wa dzulo lake. Kuchoka pa Likhubula kufika ku Chambe munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000. Kukweza makilogalamu 94 mtunda umenewo ndi ntchito ya makalori 220, koma poti minofu imangosandutsa gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu kukhala ntchito, zotsalazo nkutuluka ngati kutentha, thupi limalipira pafupifupi 900. Tikaonjezera kuyenda kwenikweniko ndi zomwe thupi limatha ngakhale munthu atangogona, tikufika cha m'ma 1,500. Nanenso ndikuyerekeza, koma 2,140 ija njokayikitsa zedi.

Pamenepa pali kachinyengo kena komwe ambiri sakadziwa. Munthu ngakhale atakhala phee pa mpando, thupi lake limatha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse pa ola. Mawotchi ena amaphatikiza zimenezi mu nambala yomwe amakuonetsani mukamaliza mafizo, ena saphatikiza. Choncho pa nambala ya alamu ya m'mawa ulionse panali makalori pafupifupi 90 omwe akanatha ndithu ngakhale akanakwera minibasi.

Ndiyeno mtima suthamanga ndi ntchito yokha. Umathamanga ndi kutentha kwa dzuwa, ludzu, mantha, mkwiyo, khofi, malungo, ndi kuchepa kwa magazi m'thupi. Umathamanganso pamwamba pa phiri pomwe mpweya ndi wopepuka. Munthu akayenda nthawi yaitali padzuwa osamwa madzi, mtima umanka nukwera ngakhale liwiro lake lisasinthe. Wotchi ikaona zimenezi imangoti mwiniwakeyu akugwira ntchito yoopsa, nkumuunjikira makalori. Yendani mtunda umodzimodzi mu Okutobala dzuwa lili phwee, mudzayendenso tsiku la chiperoni mu Juni, mudzaona nambala ziwiri zosiyana. Kumbali inayi, amene akumwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi monga atenolol ndi propranolol, mtima wawo umagunda modekha ngakhale akhetse thukuta, ndipo wotchi imawayesa aulesi.

Mawotchi ambiri amayambiranso pa lamulo lakale loti mtima wa munthu sungapitirire 220 kuchotsapo zaka zake. Lamuloli linatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndipo ndi longoyerekeza. Anthu a zaka zofanana amasiyana ndi kugunda 10 kapena kuposerapo, wina pamwamba, wina pansi.

Mwina wina anena kuti vuto ndi katundu wotchipa wa mu Limbe, a ndalama zambiri aja salakwitsa. Pepani. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anayesa mawotchi asanu ndi awiri a mayina akuluakulu, kuphatikizapo Apple Watch, Fitbit Surge ndi Samsung Gear S2, pa anthu 60 omwe ankakhala pansi, kuyenda, kuthamanga ndi kupalasa njinga atavala chophimba choyeza mpweya chija. Pa kugunda kwa mtima, asanu ndi imodzi mwa mawotchiwo analakwitsa ndi zosakwana 5 pa 100 alionse, zomwe ndi zabwino ndithu. Pa makalori panalibe ngakhale imodzi yokhoza. Yoyesetsa kuposa zonse inkaphonya ndi 27 pa 100 alionse, ndipo yolephereratu inkaphonya ndi 93. Taganizani wogulitsa ufa pa msika yemwe sikelo yake ikuphonya chotere, angathe sabata asanathamangitsidwe? Mawotchi atsopano atuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma njira yake ikadali yomweyo, kuwerenga maulendo osaona ndowa.

Akatswiri a ku Stanford anaonanso kuti kulakwitsa kunkakula pa anthu onenepa ndi a khungu lakuda, poti khungu lakuda limameza kwambiri kuwala kobiriwira kuja. Anzawo a pa yunivesite ya Duke, poyesa mu 2020, sanapeze kusiyana kwenikweni pa nkhani ya khungu, koma anapeza kuti mawotchi amaphonya kwambiri munthu akamayenda kusiyana ndi akakhala pansi. Nanga si mkono ukamagwedezeka wotchi imasuntha, thukuta nkulowa pansi pake. Lamba woyeza mtima womanga pachifuwa, wonga uja kampani ya Polar ya ku Finland inatulutsa koyamba mu 1982, amawerenga bwino kuposa wa pamkono chifukwa amamva timagetsi ta mtima weniweniwo. Koma nayenso akafika pa makalori amangoyerekeza.

Kuno ku Africa nkhaniyi inafufuzidwanso. Mu 2005 akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town anasindikiza chiwerengero chosandutsa kugunda kwa mtima kukhala makalori, atayesa anthu 115 ozolowera masewera olimbitsa thupi. Iwo omwe anaonetsa kuti chiwerengerocho chimakhoza bwino koposa mukayamba mwayeza kulimba kwa munthuyo, ndiye kuti kukula kwa ndowa yake. Tsono ndani wa ife anayezedwapo zimenezo asanagule wotchi pa Limbe? Ndipo anthu 115 aja sanali onyamula matabwa m'phiri, kapena amayi othyola tiyi m'minda ya ku Mulanje dengu lili kumsana, kapena anyamata a kabaza okwera chitunda cha pa Chitakale atanyamula munthu ndi thumba la chimanga.

Potsika tinakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akutsetsereka pa miyala ngati akuyenda pabwalo. Anandikumbutsa za kafukufuku wa mu 1986 ku Kenya, yemwe anapeza kuti amayi a mitundu ya Luo ndi Kikuyu ankatha kusenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwawo popanda kuonjezera mphamvu zomwe amatha poyenda chabe. Ofufuza ena ku South Africa anadzapeza kuti si amayi onse ali ndi luso limeneli. Apa ndiye pali mfundo yanga: anthu awiri olemera mofanana, osenza mtolo wofanana, akhoza kutha mphamvu zosiyana malinga ndi kayendedwe kawo. Kawotchi ka pamkono kangazidziwe bwanji zimenezi?

Tibwerere ku Bangwe. Munthu wa makilogalamu 94 akayenda makilomita asanu pa msewu, mphamvu zoonjezera zomwe watha ndi cha m'ma 250, osati 600. Tsono onani mbali ya chakudya. Magalamu 100 a tchipisi ali ndi makalori pafupifupi 300, ndipo mbale ya pa chiwaya siikhala ya magalamu 100. Botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 lili ndi pafupifupi 125. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi 120. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi pafupifupi 360. Alamu ankatulutsa 250 nkubweza pafupifupi 1,000, mtima uli m'malo poti wotchi yavomereza. Kuti munthu ataye kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi pamafunika kupereweza makalori pafupifupi 7,700. Kuyenda kunkawathandiza ndithu, pa shuga ndi pa mtima pomwe, koma chiwaya chinkabweza zonse ndi chiwongola dzanja.

Ngakhale ku America komwe izi zinaonekapo. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Pittsburgh anafalitsa zomwe anapeza atatsatira kwa zaka ziwiri anthu 471 ofuna kuchepetsa thupi. Onse analandira uphungu wa kadyedwe ndi masewera, koma theka linapatsidwanso kachipangizo kovala pamkono kowerengera mphamvu. A kachipangizo aja anataya makilogalamu 3.5, pomwe opanda kanthu aja anataya 5.9.

Ndiye tizitaye? Ine sindikutero. Wotchi ikakukumbutsani kuti lero mwangokhala, yachita bwino. Ikakuonetsani kuti mtima wanu m'mawa musanadzuke unkagunda 84 ndipo patatha miyezi itatu mukuyenda ukugunda 74, imeneyo ndi nkhani yoona ndiponso yokoma. Koma nambala ya makalori musadyere. Amene akufuna kudziwa ngati thupi likutsika akwere sikelo imodzimodzi kamodzi pa sabata, aone bowo la lamba wa buluku, ndipo wa shuga akayezetse magazi kuchipatala. Inunso anzanga amalonda, wogula akakufunsani, muuzeni kuti wotchiyi imanena nthawi ndi kugunda kwa mtima. Musamulonjeze kuti idzamuwerengera mitanda ya nsima, chifukwa ena mwa ogulawo ndi odwala ngati alamu anga.

Tisanachoke pa Likhubula tinatsikira pa Dziwe la Nkhalamba kukasambitsa mapazi. Mnyamata uja, yemwe anali atatimvetsera masiku awiri osanena kanthu, anapempha wotchi imodzi. Anatulutsa nthochi m'thumba mwake, nkuimanga wotchiyo pa nthochipo, nadina batani. Timagetsi tobiriwira tinayaka, ndipo posakhalitsa pagalasi panatuluka 78.

"Bwana," anatero, "nthochiyi ili moyo."

Alamu sanaseke nawo tsiku limenelo. Koma atabwerera ku Blantyre anauza achemwali kuti aziwapakira mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ndipo chiwaya anachisiyira Loweruka lokha. Akuyendabe kuchoka ku Bangwe, wotchi ili pamkono. Pofika Khirisimasi ya 2024 sikelo inati 89, ndipo anamwino anawayamikira pa shuga. Za nthochi ija safuna kuti zizikambidwa pa shopu. Ndipo mpaka lero, mukawaputa pa nkhani ya ku Chambe, amaumirirabe kuti wotchi ya kumanja, ija ya 2,140, ndiyo inkanena zoona, poti miyendo yawo inawawa sabata yathunthu.